Mmene Ndinakwechera Limba la Ababa

Kwathu kuno ku Chinakanaka mukafunsa dzina langa lenileni, anthu ayamba akanda kaye kumutu. Koma mukangoti "Anakwecha", ngakhale wogulitsa tomato pamsika akulozerani nyumba. Dzinali sindinalipemphe. Ndinalipeza ndi manja anga awiriwa, ndipo mpaka lero akandiitana nalo kumjigo ndimangosenza ndowa yanga n'kumapita.

Ababa anga anayamba kuimba limba m'tchalitchi mwathu ine ndisanabadwe. Sindikunena kiyibodi ya magetsi ayi. Ndikunena limba lakale lamatabwa, lalikulu ngati kabati, loti umaponda ndi mapazi kuti mphepo ilowe kwinaku zala zikuyenda pamwamba. Linachokera m'nyumba ya mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi komwe ababa ankagwira ukalipentala. Mpingo utagula kiyibodi, limba analikankhira m'kachipinda kosungira makasu ndi mabenchi othyoka. Linakhala mmenemo zaka, makoswe akuswerana m'mimba mwake, chinyezi cha chiperoni chikulinyowetsa.

Tsiku lina atcheya a komiti analengeza kuti kachipindako kakufunika, ndiye limba alipereka kwa kalipentala aliphwasule, matabwa apangire kabati. Ababa anaimirira ndi ndodo yawo (miyendo inayamba kuwatupa kalekale) n'kupempha mwezi umodzi wokha.

"Madala, chinthu chija chinafa," anatero atcheya. "Mukufuna tifukule maliro?"

"Silinafe. Lili ndi chifuwa chabe."

"Chabwino. Likalira bwino Lamulungu la zokolola, libwerera kutsogolo kuja. Likakanika, musadzatidandaule."

Amuna anga analibweretsa kunyumba pangolo yobwereka, akung'ung'udza chapansipansi monga amachitira mkamwini. Tsono manja a ababa amanjenjemera ndipo maso sakuonanso zing'onozing'ono. Manja ndi maso ndinakhala ine. Iwo pampando kulamula, ine pansi chogwada, mwana wanga Tadala kumsana.

Ndisadzitame, koma ine ndine munthu wodekha. Ndimaphika nyemba za kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi ndi kuthira ena, osadandaula. Ndiye ntchitoyi sinandiopse. Ndinatulutsa zisa za makoswe zodzaza beseni, zitsononkho, ndi khoswe mmodzi wouma gwa amene anafera pa ntchito ya Mulungu. Kenako tinafika pa mvukuto, thumba lija limakoka mphepo ukaponda. Unali utabooka paliponse ngati sefa. Ababa anati pakufunika nsalu yosatulutsa mpweya. Ndinayenda m'mashopu a ku Chitakale, ndinafunsa mpaka ku Limbuli, osaipeza. Pomaliza ndinatenga makintoshi wa Tadala, uja timayala kuti asanyowetse matiresi, n'kumudula ndi sizasi (mtima unawawa, anali watsopano). Tinamata ndi guluu wa machubu a njinga. Malamba a zopondera ndinasoka kuchokera ku chikwama chakale.

Patatha masabata atatu ababa anaponda pang'ono, n'kuika zala. Abale, linalira! Mawu onenepa, ofunda, oti umawamva m'chifuwa. Ababa anatembenukira kukhoma, ati m'maso mwalowa fumbi.

Panatsala kavuto kamodzi. Malo ena ukadina sipankamveka kanthu. Ababa anapinda sipoko ya njinga kukhala kangowe, anatsegula kutsogolo, n'kukoka kachitsulo ka mkuwa kotalika ngati chala, kokhala ndi kalilime kopyapyala pakati. Anati timalilime timeneti ndi timene timalira mphepo ikadutsa, ndipo mawu alionse ali ndi kake. Kanali kobiriwira ndi litsiro. Anakapukuta ndi nthenga ya nkhuku, anauzira kawiri, n'kukabwezera. Kanalira.

Lachinayi kunabwera uthenga wa maliro a alamu awo ku Limbuli. Ananyamuka, nati abwera Lamulungu m'mawa, molunjika kutchalitchi.

"Totsalato uchite monga ndakuonetsera," anatero ali pakabaza. "Nthenga basi."

"Ndamva, ababa."

(Ndinamvadi. Vuto langa silinakhalepo makutu.)

Lachisanu ndinatulutsa timalilime tonse n'kutindandalika pamphasa, kalikonse motsatana ndi malo ake kuti ndisasokoneze. Nditationa pamodzi padzuwa, manyazi anandigwira. Tobiriwira ngati ndere za pachitsime! Pomwepo ndinakumbukira akazi a atcheya. Mayi amenewa pamaliro ena anatembenuza poto wanga pamaso pa amayi onse n'kunena kuti, "Uyu waphikira anthu kapena nkhumba?" Nanga akadzatsegula limba kutchalitchi, n'kumva kuti lakhala mwezi m'nyumba mwanga? Ife amayi anatilera kuti mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto wake. Nthenga ija ndinaiyesa ndithu, ndikulumbira. Koma nthenga ingachotse chiyani?

Ndinayamba ndi ndimu. Kubiriwira kunachepa. Ndinawonjezera phulusa, kunayamba kuoneka kachikasu. Ndinati ayi, ntchito ukaiyamba uimalize. Touma mutu ndinatipaka mchenga wosalala wa kumtsinje, ndipo kumapeto ndinatenga waya wokwechera mapoto. Kalilime kalikonse, kuyambira patsinde mpaka kunsonga, pamwamba ndi pansi. Masiku awiri athunthu, zala zonse mabala, ndimu akuluma m'mabalamo. Tadala anadya phala lozizira.

Aneba anga podutsa anaima n'kugwira pakamwa. "Koma ndiye golidetu ameneyu, asisi! Madala akabwera akuvinirani."

Ine chimwemwe chodzaza tsaya. Ndinabwezera kalikonse pamalo pake, ndinaponda, n'kudina kamodzikamodzi kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ponse panalira, ngakhale malo aja amene kale anali duu. Ine kuimba limba sindidziwa, ndiye zodina pawiri kapena patatu nthawi imodzi sizinandibwerere m'mutu. Ndinaliphimba ndi chitenje changa chatsopano.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Kutsogolo kunali milu ya chimanga, nandolo, zinanazi, mikoko ya nthochi, ndi tambala womangidwa miyendo. Limba lathu analiika pakati pa zonsezo. Ababa anafika mapemphero atayamba kale, miyendo itatupa ngati mitondo chifukwa chokhala pamaliro masiku atatu. Kuponda sakanatha. Ndiye ndinagwada pansi pambali pawo kuti ndizikankha zopondera ndi manja, Tadala kumsana, mpingo wonse ukuona zidendene zanga.

"Tiyeni madala," anatero atcheya. "Timve chifuwa chija ngati chinapola."

Ababa anawongola jekete, anatambasula zala zonse khumi, n'kudina.

Munamvapo mbuzi ziwiri zomangidwa chingwe chimodzi, iliyonse ikukokera kwake? Onjezani mahutala a maminibasi a pa siteji ya Chitakale. Ndi zimene zinatuluka. Ine pansi paja ndinaganiza kuti mphepo yachepa, ndiye ndinalimbikira kukankha, thukuta kamukamu. Phokoso linangokula. Mpingo unayesa kuyamba nyimbo, amayi anatsata mawu ena, abambo ena, agogo ena kumbuyo anayamba nyimbo ina ndithu. Tambala uja analira. Tadala anamuyankha. Ine osaleka, kankhe kankhe, ndikuti mwina likufuna litenthe kaye.

Kenako ndinamva dzanja paphewa.

"Lekani, amake Tadala."

Chibadwire ababa anali asanandiitanepo choncho. Kwa iwo ndinali "iwe" basi. Ndinachotsa manja pa zopondera.

Anatulutsa kangowe kaja m'thumba la jekete, anatsegula kutsogolo, n'kukoka kalilime kamodzi. Kanawala mpaka a kumabenchi akumbuyo anakaona. Ababa anakalozetsa kwa ine.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinangotsukako, ababa."

"Ndi chiyani?"

"Ndimu. Ndi phulusa." Ndinatsitsa mawu. "Ndi waya pang'ono."

Kumbali ya amayi wina anakuwa, "Anakwecha!" Tchalitchi chinaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa okha akugwedezeka. Akazi a atcheya anadzuka ndithu kudzaona pafupi, anatenga kalilimeko, anakatembenuza monga anachitira poto wanga uja.

"Ayi, tisanamizane," anatero. "Kuwala kokha kwawala."

Chiyamikiro chimene ndinachifuna zaka zonsezi ndinachilandira tsiku limenelo, ndili chogwada.

Ababa sanaseke, sanakalipe. Pobwerera kunyumba, tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo ija, ndi pamene anandiuza. Anati mawu a kalilime ali mu kulemera kwake. Ukapala kunsonga amakwera, ukapala patsinde amatsika. Mmisiri amapala kamodzi kokha, kafumbi chabe, n'kumvetsera, n'kudikira. Kubiriwira kuja sikunkavuta kanthu.

"Iwe wapala masiku awiri," anatero.

"Sitingatikonzenso, ababa?"

"Zimafuna manja osanjenjemera ndi chaka chathunthu. Pa ziwirizi ndili ndi chiti?"

Lachiwiri kalipentala anabwera ndi hamala. Kabati ilipo, yokongola ndithu, ndipo ndi mmene amasungiramo kiyibodi kuti isalowe fumbi. Ababa anangopempha timalilime tokha. Anatiika m'chitini, n'kuchikankhira kunsi kwa bedi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amakumbukira masabata atatu aja. Makoswe aja, maulendo a ku Limbuli, maondo anga. Kalipentala mwiniwake pophwasula anati mvukuto umenewu anamata ndi mmisiri, sunkataya mpweya ngakhale pang'ono. Eya, sunkataya. N'chifukwa chake manyazi anga anamveka mpaka kumsewu. Makintoshi anapita, ndipo m'mawa ulionse matiresi a Tadala amakhala padenga kuuma, kuti aliyense wodutsa akumbukire.

Koma zonsezo n'zazing'ono. Chachikulu ndi ababa. Akanandikalipira bwenzi zitatha kalekale. Iwo ayi. Masiku ano amakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo kiyibodi ikayamba ndimaona zala zawo zikuyenda pamaondo, kudina nsalu ya buluku. Ine ndimayang'ana kumbali.

Sabata yatha ndikusesa kuchipinda kwawo, tsache linagunda chitini chija. Ndinachikoka n'kutsegula. Chiperoni chagwira ntchito yake: timalilime tonse tabiriwiranso ngati sindinatikhudzepo. Litsiro lonse labwerera m'malo mwake. Mawu okha ndiwo sanabwerere.

Ndinakhala pansi n'kutenga kamodzi, kungoti ndikaone. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinangozindikira chala changa chachikulu chakulunga kale nsonga ya chitenje, chikupukuta pakona pamene panada kwambiri.

"Amake Tadala," anatero ababa ali pakhonde, osatembenuka n'komwe. "Tsekani chitinicho."

Ndinatseka. Koma pakona paja panali patayamba kale kuwala.