Kochi wa a Mwanza

Lolemba
Nkhani yabwela! Loweluka kuli mpikisano wa tchesi kuholo ya sukulu: a Mwanza, aphunzitsi a masamu a kuno ku Petauke, ndi amai Lungu, nesi wa ku Nyimba. Onse awili maina awo ali pamndandanda wa akatswili a dziko lino. Petauke isachite manyazi. Ndadzisankha kukhala kochi wa a Mwanza. Iwo sakudziwabe.

Lachiwili
Ndikutseka balabashopu msanga, ndikuwapelekela njila yanga yachinsinsi yoyambila ndi hachi. Akundidya pakusuntha kwachisanu ndi chinayi, uku akuchonga mabuku. Akuti, "Yabwino, bambo, koma musaionetse munthu." Mutu umenewo!

Lachitatu
Basi ya ku Nyimba, kukazonda mdani. Zonyamula: chipewa, kope, nthochi zoti ndizioneka wapaulendo. Nditafika kwawo, amai Lungu akundizindikila ndisanakhale pansi. "Si inu ometa a Mwanza? Bwelani timenye kamodzi." Akuchotsa mfumukazi yawo pabolodi kuti tilingane. Akundidyabe. Kenaka akundionetsa mofatsa pomwe ndinalakwa. Malo asanu ndi awili!

Lachinayi
Ndikupeleka lipoti: mayiyo ndi woopsa. A Mwanza akuseka. "Anandiimbila foni mailo. Akuti mwaiwala kope lanu." Kani amadziwana kuyambila kukoleji.

Lachisanu
Udindo wanga watsopano: kunyamula mipando.

Loweluka
Maola anayi, holo yonse zii. A Mwanza akupanikiza mbali ya mfumu, ine thukuta kamukamu. Mwadzidzidzi amai Lungu akupeleka bishopu dala. Dala! Ndikuimilila kuti ndikuwe, wina akundikoka malaya. A Mwanza akuyang'ana bolodi mphindi makumi awili, osamudya bishopuyo. Kani unali msampha. Ine ndikanamudya ndi manja awili. Pomaliza kwatsala mfumu ndi msilikali mmodzi uku, chimodzimodzi uko, asilikaliwo atagundana mphuno, wopita patsogolo palibe. Akugwilana chanza. Dulo, afanana mphamvu! Kenaka awiliwo akubweleza masewelo onse pabolodi kuchokela m'mutu, osayang'ana pepala, n'kumasekelela ngati aphika limodzi. Sindinaonepo chokongola chotele.

Sondo
Amake ana akufunsa kuti wapambana ndani. Ndikuti palibe. "Sabata yonse osameta anthu, palibe?" Ndikuyesa kulongosola za bishopu uja, akupita kutchalitchi. A Mwanza atumiza uthenga: ali ndi kalasi ya oyamba kumene Lachitatu masana, ana a giledi folo. Akuti pabenchi lakumbuyo malo alipo, koma ndisamalankhule.

Ndipita.