BP Yanga ndi Mitengo ya Kumanda

Ine Jailosi manyazi sindiwadziwa. Thirakitala ndinaizulapo m'matope ndekha, dalaivala ali momwemo akudya chimanga. Koma tsiku lina, pa purazi, famu ya fodya, kufupi ndi Glendale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi nsapato zomwe. Khalani bwino mumve.

Inali nyengo yowotcha fodya, m'ma 80 muja. Ine ndinali wosonkha moto m'mabalani, nyumba zoumitsiramo fodya, komanso mkulu wa mpingo pa komboni. Kuntchito foromani, "Jailosi, moto!" Kutchalitchi milandu ya mabanja. Kunyumba ana, kuphatikiza apongozi a ku Tete amene anabwera kudzatizonda n'kuiwala njira yobwerera. Mutu unkalira ngati chigayo. Tulo ayi, chakudya ayi. Mpaka ndinakalipira nkhuku chifukwa chondiyang'ana.

Sisita wa kukiliniki anandimanga lamba pamkono n'kupopa. Makina aja anatsala pang'ono kuphulika!

"Sekuru, BP yakwera," anatero, kunditchula agogo m'chiyankhulo cha kumeneko. "Mapilisi okha sakwanira. Mukaweruka muzipita pamene pali mitengo, popanda phokoso. Muziyenda, muzikweza manja, muzipuma kwambiri, muzitambasula miyendo. Exercise!"

Ndinati, "Mwanangu, wauza msilikali."

Vuto linali mitengo. Yonse tinaithera m'mabalani. Yotsala inali ya musasa, kumanda, ndipo kuseri kwa manda n'kumene kunali dambwe, malo obisika a anthu a gule wamkulu. Mkulu wa mpingo akapezeka kumeneko, ukulu wathera pomwepo. Koma ine ndikatsimikiza, ngakhale sitima imandipatukira. Ndinati ndiziima m'mphepete chabe.

Ndiye ndikaweruka ndinkangolunjika komweko, kumaso kuli bii ndi mwaye, chiguduli cha kuntchito chili m'chiuno. Malaya vuu! Manja m'mwamba, mwendo uku, mwendo uko, kudumpha, kuzungulira. Ndikaterereka m'matope n'kudzuka, n'kupitiriza.

Abale, mankhwala ake! Mbalame zikulira, kamphepo kakuwomba, palibe woitana "Jailosi". Chigayo cha m'mutu chija chinazima. Ndinayamba kugona mpaka tambala kuchita kundigwedeza. Nkhuku ija tinakhululukirana.

Osadziwa kuti amayi ena okazula bowa anandiona, nataya mabeseni, liwiro mpaka pa komboni.

Madzulo ake mkazi wanga anandidikira pakhomo, manja m'chiuno.

"Atate ake Lute, mumapita kuti mukaweruka?"

"Kokapuma mpweya."

"Wa pakhomo pano watha?"

"Amayi anu anaupuma wonse."

"Musandiseweretse! Kumanda mumakatani?"

Tsono mwamuna wozula thirakitala anganene kuti akudwala? Ndinangoti, "Amake Lute, ndi za amuna izi. Inu simungazimvetse."

Maiwe! Mawu omwewo ndi amene amayankha a kudambwe akafunsidwa. Mkazi wanga anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati pamaliro. M'mawa anandibisira magambutsu. Ndinapita wopanda nsapato. Anatuma apongozi kuti akhale panjira. Ndinadzera m'munda wa fodya, chokwawa. Ine kusiya chinthu chondichiritsa? Never!

Lamulungu, mapemphero atatha, mlaliki wathu a Zuze anati aliyense asatuluke.

"Abale, pali nkhani yowawa. A Jailosi, imirirani. Akuti mwalowa gule. Ngati n'zoona, mpando wa kutsogolowo muusiye lero."

"Bodza! Ndi exercise ya kuchipatala."

"Ya kuchipatala, kumanda?"

"Mitengo ili kumeneko!"

"Kumaso kwakuda, chiguduli m'chiuno?"

"Ndi yunifolomu ya murungu imeneyo, mzungu mwini purazi!"

Ndinaona kuti pakamwa pokha sindiwina. Ndinavula jekete. "Penyani nokha, muweruze!" Manja m'mwamba, mwendo uku, mwendo uko, kudumpha, kuzungulira. Ndinaikapo mtima wonse, fumbi koboo, benchi imodzi gwa!

"Ndi chomwecho!" anakuwa mmodzi wa amayi a bowa aja. "Ndi chilombo chomwe chija!"

Ana anathawira pawindo. Apongozi anayambitsa nyimbo yothamangitsa ziwanda. A Zuze anagwira kale mpando wanga kuti aukokere kumbuyo.

Pamenepo wina anatsokomola panja. Anali a Binoni, mdala woimba ng'oma za gule, amene chibadwire sanapondepo m'tchalitchi. Phokoso ndi limene linawakoka. Anaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Pepani a mpingo, ine sindilowa. Koma munthuyu musiyeni, si wathu."

Ndinatukula chifuwa. Mboni yabwera!

"Mukutsimikiza, a Binoni?" anafunsa a Zuze.

"Takhala tikumuonera tili m'tchire. Tsiku loyamba tinkafuna kumugwira, atilipe nkhuku chifukwa choyandikira. Tinalephera, mphamvu zinathera kuseka. Mnzathu wina mpaka pano nthiti zikumupweteka. Ine ndaimbira gule kuyambira ku Darwendale mpaka ku Wedza, koma sindinaone munthu wovina ngati ng'ombe yoterereka mu dibi. Ameneyu ngakhale atabwera ndi mbuzi, sitingamulandire. Angatichititse manyazi!"

Tchalitchi chonse gwedee ndi phwete. Mkazi wanga, amene ankalira uja, ndiye anatsogolera, misozi yomweyo. Ine Jailosi, amene ndinkauza komboni yonse kuti pa unyamata wanga ndikavina atsikana ankakomoka!

A Zuze anabweza mpando, akupukuta m'maso. "Khalani, a mkulu. Mlandu mulibe. Luso mulibenso."

Kumitengo kuja sindinasiye, ndipo BP inatsika mpaka sisita anayesa makina afa. Kungoti a Binoni anandipempha kuti ndizifika mochedwerapo, anyamata awo azitha kaye ntchito asanayambe kuseka.

Mpweya wa panja umachiritsa ndithu, koma musanakweze mwendo, yambani mwasuzumira m'tchire.