Lole Yathu Yothawira Imene Sinalirepo

Milange, Agosto 1986

Kwa Kamarada Diretoro,
Fakitale ya Tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire pomata kalatayi pachitseko cha fakitale. Ndinabwera nayo ku ofesi, koma mlonda anati muli pamsonkhano, ndipo mkonono umene unkatulukira pawindo unanditsimikizira kuti nkhani zake zinali zakuya. Ine ndine Carlota, wosankha masamba, mkazi wa Hilário uja anasiya miyendo yonse iwiri pamsewu wa ku Mongue, bomba lokwirira litamuphulikira akubwera ndi nkhuni za fakitale. Zamakina sindizidziwa. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye ndati ndikuthokozeni poyera.

Anzathu atayamba kuwolokera ku Malawi chaka chatha, munatisonkhanitsa pabwalo n'kulonjeza kuti tsiku limene zigawenga za kutchire zidzafike, lole yobiriwira ija idzanyamula ana, okalamba ndi olumala mpaka ku malire a ku Muloza. Mchemwali wanga Berta anandichonderera kuti tipitire limodzi, amuna ake atabwereka kale njinga yonyamulira Hilário. Ndinakana. Ndinati kuno ntchito ilipo, lole ilipo, kutsidyako tikadya chiyani? Njingayo inapita ndipo sinabwerere. Choncho muone kuti nkhani ya loleyi ndili nayo gawo.

1. Zikomo chifukwa cha chisamaliro. Loweruka lililonse dalaivala Januário amaitsuka mpaka munthu kudziona nkhope pachitseko. Alendo a ku Quelimane anajambulitsa ataitsamira. Matayala ake sanathe ngakhale pang'ono, angolowa m'dothi kuti apume. Udzu wapansi pake ndi wosililika, ndipo nkhuku ya mlonda yaswa kale kawiri pampando wakutsogolo popanda woisokoneza.

2. Zikomo chifukwa cha nzeru. Munalamula kuti kulira kwa injini ya loleyo ndiko chizindikiro chothawira: woimva ataye dengu, athamange. Ife osaphunzira tinaomba m'manja. Tinazindikira mochedwa ubwino wake wonse, kuti tsopano palibe angailize pongoiyesa, popeza munda wonse ungathere kutsidya. Januário anapempha kuti tilengeze kutchalitchi, anthu adziwiretu, ailize kamodzi kokha. Munamuyankha kuti kukayikira katundu wa boma ndiko kufooketsa anthu, ndipo kufooketsa anthu ndi ntchito ya adani. Kuyambira pamenepo amangotsuka basi.

3. Zikomo chifukwa cha phunziro la mpope wozimira moto. Makina opera masamba akadwala amakuwa okha, fakitale yonse imamva, amisiri n'kuthamanga ndi masipanala. Koma mpope uja unkangodikira tsiku lake pakona, wofiira psuu, ndipo aliyense ankauyesa wamoyo chifukwa sunadandaulepo. Tsiku limene shedi ya nkhuni inayaka, amuna anaukoka ndi mphamvu zonse. M'paipi munatuluka dothi la zisa za mavu, kenako buluzi mmodzi wodabwa. Motowo tinazimitsa ndi ndowa, ife amayi, nsidze zikupsa. Madzulo munayamikira umodzi wathu, n'kulamula kuti mpopewo aupakenso utoto. Ukuoneka bwino kuposa kale.

4. Musandimve molakwa, bwana. Sindikunena kuti lole yafa. Ndikunena kuti palibe akudziwa, ndipo pakusadziwapo tonse ndife ofanana monga mumatiphunzitsira pamisonkhano. Alipo amiseche amene amati batire imene imaliza wailesi pakhonde panu ikufanana ndi ya m'lole. Ndinawadzudzula. Mabatire amafanana. Ena akuti makoswe amalowa kunsi kwa injini chimanjamanja n'kutuluka ndi timawaya tofiira ndi tachikasu kukamwa. Nawonso ndinawauza kuti khoswe akamakhala pamalo ndiye kuti m'katimo ndi mouma bwino.

5. Koma chimene chandigwetsa m'maondo ndi kudzichepetsa kwanu. Landirova yanu simuikhulupirira ngakhale pang'ono! M'mawa uliwonse, tikamapita kuntchito, timaona Januário yemweyo akuiliza, akuyang'ana oyilo, akuponda mabuleki, akuzungulira nayo bwalo la mpira, inu mutaima pakhonde ndi kapu m'manja, khutu lili tcheru. Ikatsokomola pang'ono, amisiri amasiya fakitale n'kugona kunsi kwake mpaka itachira. Ndiye kuti ife munatipatsa galimoto yosafuna kuyesedwa, inu n'kudzisiyira yokayikitsa. Mtima wotere ndi wosowa. Kulira kwake munati si chizindikiro cha kanthu, ndipo tikuvomera. Kungoti akamaliza amaiimika mphuno italoza ku Muloza, ndipo akuluakulu anati khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu.

Tsono ndikuuzeni zanga. Anthu a ku Molumbo akudutsa pano ndi mitolo pamutu, ndipo mfuti za mbali ya Majaua tsopano tikumazimva dzuwa lili pamutu. Nditaona mmene mumayesera galimoto yanu, ndinati nane nditengere chitsanzo cha bwana, ndiyese yanga. Lamulungu tikuchokera ku Misa ndinamubereka Hilário kumbuyo, ndinamumanga ndi nsalu ziwiri ngati khanda, n'kuyamba ulendo wa ku malire. Iye ankaseka, akuti hutala ya galimoto imeneyi aitenga kuti. Tinadutsa sukulu. Tinadutsa chigayo. Pa kamlatho ka kuseri kwa msika maondo anga anakana, tinagwera limodzi m'chinangwa cha eni ake. Tinaseka mpaka misozi, kenako kusekako kunatha, misozi yokha n'kutsala. Anandiuza kuti tsikulo likadzafika ndidzangomusiya pakhonde ndi madzi akumwa. Sindidzamusiya. Ndili ndi mantha, bwana, ndipo ndakwiya, koma ine tsopano ndikudziwa pamene galimoto yanga imathera.

Pempho langa ndi laling'ono. Loweruka likubwerali, Januário akamaliza kutsuka, mulole apotoze kiyi. Ife amayi tiyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu kuti asathawe. Ikalira, ndidzavina pabwalo ndi ukalamba wangawu. Ikakana, amisiri akadalipo, nthawi ikadalipo pang'ono, ndipo amene tiyenera kufuna njinga tiyambe kufuna.

Koma ngati kuyesako kukhumudwitsa boma, ndamva, sindiumirira. Pamenepo ndingopempha kuti tisinthane. Si bwino kuti munthu wofunika ngati inu adzaike moyo wake pa Landirova imene mumaikayikira m'mawa uliwonse. Itisiyireni ifeyo, tidzapirira nayo. Ana adzapanikizana, ndipo Hilário satenga malo ambiri. Inu mudzakwere lole yobiriwira, yoyera bwino, yosatha matayala, pampando wakutsogolo. Nkhuku ndalankhula kale ndi mwini wake, idzakusendererani.

Tikadzafika kutsidya sitidzakuiwalani. Tidzaima m'mbali mwa mtsinje, tonse chete, kumvetsera kuti loleyo ilire.

Ine wanu wogwada pansi, amene msana ukuwawabe,

Carlota wa Hilário,
Wosankha masamba.