Bwana, Tibwezereni Mkamwini Wathu Kuchokera ku Nyenyezi

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani ya Gemu ya "Mafumu a Nyenyezi",
Kulikonse kumene mumakhala.

Bwana,

Ndagwada pansi ine Phyllis wa ku Mbulumbuzi, mayi wamba wolima chimanga ndi nandolo. Ndati ndikuthokozeni powakweza pantchito amuna anga, a Mikaele. Anabwera pamudzi pathu pano kudzakhala mkamwini ali ndi njinga ndi bulangete basi. Lero, mwa chifundo chanu, ndi mkulu wa asilikali a mumlengalenga, ndipo zombo zawo zankhondo zonse zimakwana pafoni yosweka galasi. Ifenso ndife ndani kuti ulemu wotere utigwere?

Ndili ndi timadandaulo tochepa, musatope nane.

1. Levulo ija munaitcha Chipata cha Moto munaimanga mwaluso zedi. A Mikaele anakanirira pomwepo chikololereni chimanga. Adani akawatulukira uku ndi uku n'kuwatenthera zombo, amakuwa mokuti tsiku loyamba ndinathamanga ndi mpini, kuyesa njoka yalowa m'nyumba.

2. Malangizo amene mumalemba munthu akaluza ndi anzeru kuposa a alangizi a zaulimi. Mumati alime chakudya kaye asanapange zombo, akolole msanga adani asanafike, asasiye nkhokwe yopanda mlonda. Bambowa amamvera onse, osaphonya ngakhale limodzi, moti nkhokwe zawo za kumwambako zikusefukira. Nandolo wa kuseri kwa nyumba yathu ndiye wauma, akuthetheka yekha m'munda. Adani athu kuno ndi a miyendo inayi, ndipo mbuzi za aneba siziluza levulo.

3. Zitafika povuta tinaitana malume anga a Jeremiah, eni mbumba, kuti adzawadzudzule. Iwo, poti ndi munthu wachilungamo, anati ayambe aona umboni. Ataigwira foniyo anapeza mlandu pompo: a Mikaele amaika mizinga yonse mbali imodzi. Anawalangiza kuti tizombo tating'ono tiziwanyengerera adani kumanzere, zikuluzikulu zizembere kuseri kwa mwezi. Nzeru imeneyi inawafikitsa pakhomo penipeni pa Chipatacho, batire n'kutha. Pano amakhala awiri pansi pa mtengo wa mango, pamene netiweki imagwira, woweruza ndi woweruzidwa mitu pamodzi. Tikuthokozanso pogwirizanitsa banja.

4. Amayi anga alibe foni, choncho chifundo chanu sichinawafikebe. Alamula kuti likafika Loweruka nandolo akadali m'munda, njinga ndi bulangete zibwerera kwawo ku Nguludi pamodzi ndi mwini wake. Akuti anandiuza kale kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Apa ndiye sindikuseka, bwana. Mwamunayu ndimamukonda. Si waulesi ayi, denga la nyumba ino anafolera yekha, ndipo sindifuna kuti ana anga aziwaona bambo awo pa maliro pokha.

Poyamba ndimafuna kukupemphani chinsinsi chowinira levuloyo, kuti aiwoloke tipume. Koma malume andiuza, maso ali pafoni, kuti kuseri kwa Chipata cha Moto mwakonzako ina yoposa pamenepo. Zikomo kwambiri poganiziratu za tsogolo lathu.

Pempho langa tsono ndi laling'ono. Pa malangizo anu aja onjezerani limodzi, m'zilembo zikuluzikulu, liziwoneka akangoluza: kuti mkulu wa asilikali aliyense wofuna kudutsa Chipatacho atenge thumba, apite kuseri kwa nyumba yake, akathyole nandolo. Ine ndanena mawu omwewo mpaka kukhosi kwauma, koma m'nyumba muno amene amamveredwa ndinu. Ngati n'kotheka lembani kuti akhale awiri, malume asatsale.

Ine wanu wogwada ndi mawondo onse,

Phyllis,
mkazi wa Mkulu wa Asilikali a Nyenyezi, mpaka Loweruka.