Madampulingi mu Shedi ya Fodya

Lolemba
Mimba inoyi ndi yamwano. Anzanga akakhala ndi pakati amafuna mango osapsa, koma wanga mwana akufuna madampulingi! Ndinawalawa chaka chatha ku Harare, kumene achemwali amatsuka mbale mu lesitilanti ya Matchaina: timitanda tofewa ta fulawa, nyama ya nkhuku m'kati (ndinafunsa kaye, poti ife nkhumba sitidya), totentha m'timadengu ta nsungwi. Eni ake amati dimu samu. Ndikusankha fodya mu shedi, malovu ali chuchuchu. Mwamuna wanga Saidi akuti: "Ku Raffingora kuno? Idyani chimodho, chigumu cha kuno, mugone, mayi." Ndiphika ndekha, aone.

Lachiwiri
Zida zankhondo:
fulawa wa ku takishopu
nyama ya mbuzi yozinga Che Yusufu
anyezi, adyo wambiri
botolo la mafuta lopapatizira mtanda
Ndikukulunga. Ena akuoneka ngati makutu, ena ngati masokosi. Ndikuponya m'madzi owira, onse phuu! Saidi akumwa ndi sipuni, akuti phala lanyama sanalionepo. Ndamukwiyira.

Lachitatu
Achemwali pa foni: "Nthunzi iwe, osati madzi!" Chabwino. Ndikubwereka lichero la apongozi iwo ali kudimba, ndikuliika pamwamba pa poto. Moto ukunyambita m'mbali. Lichero tsopano lili ndi windo. Ndalibisa pansi pa bedi.
Ku shedi ndikumanga chitenje momasula. Foromani, a Mhofu, ananeneratu kuti amimba amachedwetsa ntchito, ndipo ine maricho amenewa ndikuwafuna mpaka fodya athe, apo ayi mwana adzafikira m'saka. Koma maso anga ali pa bokosi lofewetsera fodya. Masamba ouma amathetheka, ndiye timawaika m'menemo, paipi yochokera ku mgolo wowira n'kumapemerera nthunzi tsiku lonse. Nthunzi yaulere, yongotayika pa fodya!

Lachinayi
Mbale ya enamelo pansi pa chitenje, kenako m'bokosi, masamba pamwamba. Ndikubwerera pa benchi kudikira. Madampulingi akutuluka onenepa, osalala, ngati a ku Harare enieni! Ndikuluma kuseri kwa mabelo. Mayo ine! Ngati ndatafuna ndudu ya agogo. Ndalavula. Mai Tendai, amene timakhala benchi imodzi, samva zimenezo. Akudya onse, akuyetsemula, akuti: "Zvinonaka wena, mangwana uwedzere munyu." Eti akoma, mawa ndiwonjezere mchere! Mkazi ameneyu m'mimba mwake muli ng'anjo.

Lachisanu
Shedi yonse ikununkha adyo. Fodya wachikasu, wa giredi yapamwamba amene mwini famu amamunyadira, ali ndi madontho a mafuta a mbuzi. A Mhofu akununkhiza tsamba, akununkhiza mpweya, akuyenda benchi ndi benchi mphuno patsogolo. "Ndiani ari kubika mushedhi mangu?" Ine ndikusankha masamba mwaulemu ngati mkazi wa shehe. Pomwepo Mai Tendai akugeya. Pofunsidwa, akuloza ine ndi mlomo. Ndikuimirira kuti ndikane, chitenje chikumasuka, mbale ija ndinabisamo gwengwerere pansi, mimba poyera. A Mhofu akuyang'ana mbale, akuyang'ana mimba. "Amai, kapumuleni kunyumba. Kuno musapondenso." Ndikulira njira yonse, ndipo zochititsa manyazi n'zakuti madampulingi ndikuwafunabe.

Loweruka
Apongozi alipeza lichero. Sakundiyankhula, akuyankhula ndi nkhuku: "Ena akuphika Chitchaina, ife tipetera m'manja." Saidi sanakalipe, ndipo zimenezo zikupweteka kuposa. Wapopa njinga m'mawa, akuti ku mgodi wa ku Mutorashanga kuli khuki wophikira Matchaina amene anaphunzira naye ku madarasa. Kompaundi yonse ikundipatsa moni wa "Maswera sei, Mai Dampulingi?"

Lamulungu
Saidi wafika fumbi mpaka m'nsidze. M'jekete akutulutsa kontena. Madampulingi enieni! A nkhuku, opindidwa bwino, kasupu kakuda pambali. Akundiyang'ana ngati wabweretsa mvula. Ndikutsegula, fungo likundipeza, ndikuthamangira kuseri kwa nyumba kukasanza.
Pobwerera ndikupeza apongozi akunyambita zala, akuti Matchaina si anthu oipa. Saidi akudya mwakachetechete.
Mwana wasintha maganizo. Tsopano akufuna dothi la pachulu, lofiira lija lonunkhira mvula. Chulu chake chilipo chimodzi chokha famu yonse ino, ndipo chili pakhomo penipeni pa shedi ya a Mhofu.