Tsiku limene ndinakoka jenereta ku Zingwangwa

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa Zingwangwa pali anthu ena amene amandipatsa moni pochita ngati akukoka chingwe cha jenereta. Ine ndimangoyang'ana kumbali. Koma poti nkhaniyi yafala mokhotakhota, ena mpaka akuti ndinavula shati (bodza lenileni, ndinangovula jekete ndi tayi), ndaona kuti kuli bwino ndiifotokoze ndekha.

Ndine munthu wopuma pa ntchito ya ukalaliki m'boma, ndipo nthawi imeneyo ndinali wapampando wa komiti ya makolo pa sukulu ya pulayimale ya kwathu ku Nkolokosa. Chimene chinkatisowetsa mtendere chinali vidiyo sho ya Che Jafali, kanyumba ka malata kuseri kwa msika. Ana ankathawa m'kalasi n'kukathera tsiku kumeneko. Pa msonkhano amene analankhula mwaukali ndine. Ndinati mafilimu a nkhondo amawononga mitu ya ana, ndinamenya tebulo, amayi n'kuomba m'manja. Tinagwirizana kuti Loweruka masana ine ndikalowe, ndikaone ndi maso anga zimene zimaonetsedwa, ndilembe. Kenako folo koloko ahedi, Mayi Nyirenda, abwere ndi kalata ya chenjezo.

Pali kanthu kamene komiti sindinaiuze. Chaka chapitacho, pochokera ku Mzuzu, m'basi anationetsa filimu ya msilikali wina wa dazi amene ankamenya anthu makumi awiri ndi dzanja limodzi, dzanja linalo atanyamula mwana wa mlongo wake. Pothera pake anagwera kuphompho limodzi ndi kasinja wa nkhondo, filimu n'kuthera pomwepo. Sindinauze aliyense, koma msilikaliyo ndinkamuganizira, nthawi zina ngakhale ulaliki uli mkati.

Ndiye nditafika pakhomo pa Che Jafali, kope ndi bolopeni zili m'manja, pabolodi ndinapeza chithunzi cha dazi lomwe lija. Pansi pake analemba ndi choko kuti gawo lachiwiri.

"Takulandirani a tcheya," anatero Che Jafali akuvula chipewa. "Ndamva kuti mwabwera kudzatiyendera. Mukhale kutsogolo kuti mulembe bwino."

"Ndabwera pa ntchito," ndinatero. "Koma munthu uyu si uja anafa?"

"Mwamudziwa bwanji, a tcheya?"

"Ndinangomva ana akukamba."

Che Jafali anangonditsegulira nsalu ya pakhomo.

M'katimo munali kutentha ngati mu uvuni. Ana analipo owerengeka (linali Loweruka, ndivomereze), ambiri anali akuluakulu: anyamata a kabaza, ogulitsa kaunjika, ndi mayi wina wa mandasi atakhazika beseni pamiyendo. Filimuyo inali yomasuliridwa m'Chichewa, munthu mmodzi akulankhulira onse, amuna ndi akazi omwe. Msilikali uja anamupatsa dzina loti Chikwanje.

Poyambirira penipeni anatifotokozera mmene anapulumukira. Akuti ali mkati mogwa anagwira mwendo wa chiwombankhanga, icho n'kukamutula pamtengo. Ndinakwiya kwambiri. Ine sayansi ndinaphunzira, chiwombankhanga sichinganyamule bambo wa chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi. Ndinatsegula kope n'kulemba kuti "Bodza loyamba." Zimenezo ndiye zonse zimene ndinalemba tsiku limenelo.

Posakhalitsa Chikwanje anakwera njinga yamoto pamwamba pa sitima ikuthamanga. Kuchoka apo anadumpha nayo njingayo n'kukalowa mu helikopita ili m'mwamba. Anagwira woyendetsa pakolala n'kumuponya kunja, womasulira uja n'kunena mofatsa kuti, "Tsikani achimwene, siteji yanu yakwana." Ndinamva munthu akuseka mokweza kuposa onse. Nditamvetsera bwino ndinapeza kuti ndine.

Ndinadzidzudzula, ndinakonza tayi. Koma mfuti ya Chikwanje inali isanathe zipolopolo chiyambireni, ndipo mdani wake, mdala wina wa diso limodzi, anali atamubera mayi ake. Apa nkhani inandikhudza. Kumenyana kwa anyamata n'kwina, koma mayi wa munthu wachikulire amalakwa chiyani? Atamuponyera bomba, Chikwanje analiwakha ndi manja n'kulibweza ngati mpira wa manja. Kope langa linagwera pansi pa benchi ndipo sindinalitole.

Kenako ndinakangana ndi mnyamata wa kabaza amene ndinakhala naye pafupi. Iye ankati mtsikana amene ankathandiza Chikwanje ndi munthu wabwino.

"Ayi mwana wanga," ndinatero, "uyu ndi kazitape. Taona mmene akuyang'anira foni."

"Adala, inu mukuonera koyamba."

"Ndagwira ntchito m'boma zaka zambiri. Nkhope zoterezi ndimazidziwa."

Mtsikanayo atatulutsa mfuti n'kuloza Chikwanje kumsana, ndinaimirira n'kutembenukira anthu onse kuti aone amene ananena. Akumbuyo anakuwa kuti ndikhale pansi ndikuwatchinga. Mayi wa mandasi anandipatsa limodzi, akuti la ulosi.

Tsopano mvetserani pamene zinaipira. Chikwanje anamumanga ndi unyolo kutsogolo kwa sitima ya pamadzi, bomba lili pachifuwa, wotchi yake ikuwerenga chobwerera. Mayi ake akulendewera pachingwe pamwamba pa ng'ona. Chikwanje anayamba kuluma unyolo ndi mano. Wotchi inati faifi, folo, fili. Magetsi n'kuzima.

Sindinakwiyepo chotero ngakhale tsiku limene fayilo yanga ya penshoni inasowa. Che Jafali anati jenereta ilipo panja, koma chingwe chake n'cholimba ndipo iye phewa likumupweteka. Anyamata onse aja, a minofu yawo, anangokhala pamabenchi n'kumadandaula.

"Vuto lathu ndi lomweli," ndinawauza. "Kudandaula tili chikhalire. Mayi wa munthu ali pamwamba pa ng'ona."

Ndinavula jekete ndi tayi, ndinapatsira mayi wa mandasi, n'kutuluka. Jeneretayo inali m'mbali mwa njira yopita mumsika, poyera penipeni. Ndinakoka kamodzi, inangotsokomola. Kachiwiri, zii. Anthu anatuluka n'kundizungulira akuimba kuti "tcheya, tcheya." Ndinaponda jenereta ndi phazi limodzi, thukuta lili kamukamu, ndipo pa kachisanu ndi chiwiri inalira, utsi wonse n'kundithira kumaso. Ndinakweza chibakera m'mwamba n'kukuwa kuti, "Tiyeni tikamupulumutse Chikwanje!"

Potembenuka ndinaona Mayi Nyirenda ataima ndi envulopu m'manja. Pambali pawo panali mkazi wanga, amene anawaperekeza kuti adzaone mwamuna wake akugwira ntchito ya chitukuko.

"A tcheya," anatero ahedi mwaulemu wonse, "kafukufuku akuyenda bwanji?"

"Ndimafuna ndione umboni wonse, mayi."

Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Bambo a Tamanda, babu ya kubafa yatha miyezi iwiri isanasinthidwe. Mumati msana."

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ahedi anandipatsa kalata ija kuti, monga wapampando, ndimuwerengere Che Jafali pomwepo. Inali ya masamba awiri (ndinailemba ndekha, ndi mawu ataliatali). Ndinkawerenga za makhalidwe a ana uku m'kati mukuphulika mabomba, anthu akukuwa ndi kuimba malikhweru. Pamene ndinkafika pa "ife anu okhulupirika" anthu anali akutuluka akupukusa mitu ndi chisangalalo. Wa kabaza uja anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Adala, mwaphonya."

Che Jafali anavomera mosavuta kuti mwana aliyense wa yunifolomu sadzalowanso nthawi ya sukulu. Anati palibe amene anamupemphapo, tinkangomunena m'misonkhano. Ndiye ntchito inagwirika, koma kodi alipo anandithokoza? Lolemba komiti inafuna lipoti, kope n'kupezeka lili ndi mawu awiri ndi chidindo cha nsapato. Wina anali atandijambula pafoni n'kutumiza ku gulu la kumpingo. Upampando anandilanda, pano ndimayang'anira zothirira mitengo ya pasukulu. Babu ija ndinasintha tsiku lomwelo.

Ndaphunzirapo kuti munthu asamamenye tebulo pa chinthu chimene mumtima amachikonda. Sabata yatha Che Jafali anandiimitsa pamsika n'kundinong'oneza kuti gawo lachitatu lafika, akuti ulendo uno Chikwanje akumenyana ndi anthu pamwezi. Ndinamuuza mosabisa kuti ine zachibwanazo ndinasiya. Ndinangomufunsa tsiku ndi nthawi yake, kuti ndidziwe nthawi yoyenera kupewa njira imeneyo.