Ufa wa Nankhoma Ukutha

Lolemba

Ufa wa Nankhoma, mkazi wanga, watsala pang'ono. Ndikapisa dzanja m'ndowa, zala zikugunda pansi. Anaugayitsa sabata yomwe anakagonekedwa kuchipatala. Sanabwereko. Kuyambira pamenepo ndikuutapa ngati mankhwala.

Tadala, mwana wathu, waimba foni kuchokera ku Mzuzu. "Adadi, mukudya ndi ndani?" Ndati ndi wailesi. Sanaseke.

Ndiye ndapanga pulani. Sabata ino ndidye chakudya chophika munthu wina, nditakhala pakati pa anthu. Kamodzi kokha kakwana.

Vuto ndi lomwe lija: mtedza umandiwenga. Si kuyabwa chabe ayi. Milomo imatupa, kukhosi kumatseka, mpweya umachita kupempha njira. Kanyenyeswa kamodzi n'kokwanira. Ine, mwana wa mlimi wa mtedza wa ku Mchinji! Malemu bambo anga anamwalira akukhulupirira kuti ndinkangothawa ntchito.

Zaka zonse za ukwati sindinadye kwa munthu. Kuno ku Kawale ankanena kuti Nankhoma anandidyetsa khuzumule. Iye akamva ankangoti, "Alekeni, bola mukupuma."

Ndondomeko:
1. Lesitilanti ya ku Biwi.
2. Zakudya za m'mapaketi.
3. Kuchigayo, ufa usanathe.
4. Lamlungu kwa a Jere, oyandikana nafe. Akubatiza mdzukulu, kuli chakudya. Ndavomera kale.

Ndasita malaya.

Lachiwiri

Ku Biwi. Lesitilanti yaukhondo, makatani abuluu, matebulo odzaza ndi amakaniko. Akutafuna, akukangana za mpira. Ndakhala pakati pawo, mtima uli m'malo.

Ndafunsa mayi woperekera chakudya ngati ali ndi ndiwo zopanda mtedza.

"Mtedza sitigulitsa kuno, Abambo."

Ndaloza nkhwani.

"Aa, uwo ndi wotendera basi."

Ndafotokoza pang'onopang'ono za milomo ndi za kukhosi. Wamvetsera bwino, mayi waulemu. Wati andipatsa nyemba ndi nyama. Ndamutsatira ndi maso mpaka pa kawindo ka kukhitchini.

Chipande chimodzi! Chatuluka mu nkhwani wotendera, chagogodedwa pamphepete mwa poto, chalowa mu nyemba. Chatuluka, chalowa mu nyama. Chikuyenda ngati minibasi, siteji iliyonse chikuima, ndipo palibe pomwe chikutsitsa onse.

Ndakana mbaleyo mwaulemu.

"Pomwe pakhudzapo tikuchotserani," watero mayi uja.

Makaniko wa pambali panga: "Madala, idyani. Mukagwa tikunyamulani, galimoto zili mbwee panjapa."

Onse aseka. Nanenso ndaseka, koyamba chichitikire maliro. Ndamwa chakumwa cha m'botolo chomwe ndatsegula ndekha, n'kutuluka.

Pobwerera ndaima pa chiwaya. Tchipisi sichitenderedwa, ndadziuza. Koma mwini chiwaya, dzanja limodzi likutembenuza mbatata, lina likutapa mtedza wokazinga m'thumba la malaya. Akufikisa, akuuzira makoko. Mphepo ikulowera kuchiwaya komweko.

Ndadutsa.

Zomwe ndadya lero: nthochi ziwiri, dzira lowiritsa.

Lachitatu

Shopu yaikulu m'tauni. Magalasi ndatenga. Zilembo za kuseri kwa paketi anazilembera nyerere, osati munthu wa msinkhu wanga.

Zomwe ndapeza:
Bisiketi wa mkaka: mwina muli mtedza.
Bisiketi wa mandimu: mwina.
Chokoleti: mwina.
Phala la m'paketi: mwina.
Buledi: sakunena kanthu, zomwe zikundiopsa kuposa zonsezo.

Mwina! Fakitale yonse, makina, anthu ovala zipewa zoyera, koma sakudziwa zomwe aikamo?

Wosanja katundu wandifotokozera. Akuti makina ndi omwewo, lero akupanga za mtedza, mawa za mkaka. Basi ndi chipande cha ku Biwi chija, kungoti ichi ndi chamagetsi.

Mlonda wakhala akunditsatira kuyambira pa shelefu yoyamba. Ndikutenga paketi, ndikuwerenga, ndikubweza. Potsiriza walephera kupirira: "Abambo, mukugula kapena mukukonzekera mayeso?"

Ndagula machesi ndi malalanje.

Panja pali mayi wogulitsa zigumu zotentha. Zilibe pepala lililonse, koma mwini wake ali pomwepo, ndingathe kumufunsa. "Mulibe chilichonse, Abambo. Ufa, nthochi, soda. Ndi kansinjiro pang'ono kuti zikome."

Lalanje, nthochi, dzira. Zokhazo zomwe Mulungu anakutira yekha.

Kunyumba kuli zii. Chitenje cha Nankhoma chidakali pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndimachikankha pang'ono potsegula, n'kuchibweza.

Lachinayi

Alendo! Amayi atatu a kumpingo, motsogozedwa ndi Mayi Gondwe, msungichuma wa kwaya. "Tamva kuti mukuonda, Abambo."

Takhala pakhonde. Nyimbo, pemphero, kenaka avundukula bakuli. Futali wa mbatata, wonyezimira ndi nsinjiro. Bakuli lachiwiri: mpiru wotendera. Sanaumire. Aikamo nsinjiro mwachikondi, ngati akutsira simenti.

Taonani: chakudya chophika munthu wina, anthu ali pomwepo, pakhonde langa lomwe. Pulani yonse yabwera yokha ndi miyendo. Ndipo sindingakhudze.

Ndati mtedza umandiwenga.

"Ndi chisoni chimenecho," atero Mayi Gondwe. "Chisoni chimatseka kukhosi. Ifenso tinadutsamo."

Wachiwiri, motsitsa mawu: "Amayi aja anapuma, Abambo. Tsopano palibe wokuletsani. Idyani."

Atatu onse akudikira, madzi osamba m'manja ali kale m'beseni. Namfedwa sakana chakudya cha mpingo. Pakamwa panga patuluka mawu omwe sindinawaitane: "Ndikusala kudya."

Mayi Gondwe avundikira bakuli ndi manja awiri, ngati akutseka Baibulo. "Tikhululukireni, sitinadziwe."

Mabakuli awasiya, ati ndidzadye ndikamasula. Ndavala jumbo kumanja, ndawanyamula patali ndi thupi ngati muli njoka, ndawapereka pampanda kwa Mayi Jere. Adzukulu awo anyambita mpaka zivundikiro.

Madzulo kwafika mkulu wa mpingo. Wamva za kudzipereka kwanga. Mawa kuli mapemphero a kusala, ndipo apempha kuti nditsogolere ine.

Ufa: wongokwana mbale imodzi. Sindinaukhudze.

Lachisanu

M'mawa ndatsogolera mapemphero. Mimba inali kuyankha "amen" anthu asanayankhe. Bodza la dzulo lasanduka zoona, chifukwa wotsogolera sangabwere atadya dzira.

Masana ndanyamula chimanga kupita kuchigayo, kudzera njira ya kuseri kuti a kumpingo asandione. Sindinalowemo m'chigayo chikwatirire. Nankhoma ankapita mbandakucha, kusanayere. Ine ndinkati amathamangira macheza a amayi anzake, n'kutembenuka kupitiriza tulo.

Mzere wautali. Patsogolo panga amayi anyamula mabeseni a chimanga chosakaniza ndi soya ndi mtedza, ufa wa phala la ana. Ndaona. Ndaganiza kuti poti sindikudya, palibe vuto.

Fumbi la m'chigayo silifunsa ngati munthu akudya.

Maso ayamba kuyabwa. Kenaka milomo, ngati ikuyenda nyerere. Kenaka kukhosi. Ndasiya thumba pomwepo, ndatuluka, ndakwera kabaza. Sindinathe kunena komwe ndikupita, ndangoloza pakhosi. Wakabaza wayang'ana nkhope yanga kamodzi, sanatchulenso mtengo.

Kuchipatala, jakisoni pantchafu. Mpweya wabwerera pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi atasowa sabata. Ndimati ndikamupeza Nankhoma lero, ndipo ndinkadziwa mawu ake oyamba: "Mwatani inu?"

Dokotala: "Mwadya chiyani, Abambo?"

"Palibe. Ndikusala."

Walemba kanthu papepala. Wati ndisalowenso m'chigayo, ndisakhulupirire chipande cha munthu wina, ndipo milomo ikangoyamba ndithamangire kuchipatala osadikira.

Ndafika kunyumba dzuwa litapendeka. Pakhonde pali thumba langa. Amayi a pamzere aja andigayitsira, andisenzera mpaka pakhomo. Ufa wosalala, wofunda, wadutsa m'makina momwe mwangodutsa mtedza wa ana a Kawale yense.

Anthu abwino. Adzandipha ndi ubwino.

Loweruka

Milomo idakali ngati ya munthu woluza nkhonya. Ndapereka ufa wa dzulo kwa Mayi Jere pampanda. Ayang'ana nkhope yanga, agwira pakamwa.

"Ndiye zinali zoona?"

Zaka zonsezi tili khomo ndi khomo!

Akhala pa ndowa mbali yawo ya mpanda, ine ndaima mbali yanga. Andiuza zomwe sindinkadziwa. Nankhoma ankafika kuchigayo chisanatsegulidwe kuti akhale woyamba. Ankatenga tsache lake ndi nsanza. Ankathira kaye beseni la gaga kuti litsuke makina, kenaka lina, kenaka ndiye chimanga chathu. Gaga uja sankabwera naye m'nyumba mwathu. Ankamuponyera nkhuku za a Jere.

"Taonani mmene zaondera," atero Mayi Jere. "Nazonso zili pa maliro."

Ndayang'ana nkhukuzo. Zoona, zaonda.

Akuti mtondo wathu sankabwereketsa, sefa sankabwereketsa, ngakhale mthiko. Pamaliro a ena ankapita ndi poto wake. Amayi a mu mzere uno ankamutcha womana. Iye sanadzitetezepo. Ankangoti, "Abambo akunyumba ndi ovuta."

Ine wovuta. Ine amene ndinkangosamba m'manja n'kudya.

Ndalowa m'nyumba kwa kanthawi.

Masana Mayi Jere agogoda. Agula poto watsopano, mthiko watsopano, chipande chatsopano. Amanga kansalu kofiira pa chigwiriro chilichonse. Mawa zanga aphika zoyamba, nsinjiro isanatuluke m'kabati: mpunga, nkhuku, mpiru wa tomato ndi anyezi basi. "Mudya, Abambo. Mudya pakati pa anthu, ndalumbira."

Ndasitanso malaya.

Lamlungu

Mwana wabatizidwa, walira bwino. Kwa a Jere kuli tenti, mipando ya pulasitiki, abale ochokera kumpoto. Andikhazika pafupi ndi a Jere enieniwo. Mayi Jere andionetsa mapoto anga ali pakona paokha, ovundikira, tinsalu tofiira tili petupetu. Ndasamba m'manja.

Mbale yabwera ndi azakhali awo a a Jere, gogo wa ku Ekwendeni, amene afika dzulo ndipo akhala akuthandiza kukhitchini. Agwada, ngakhale mawondo akukana. Akumwetulira.

"Adada, pepani ndi maliro. Ndapeza ana awa akuphikirani ndiwo zouma ngati za kundende. Namfedwa! Ndazikonza ine. Ndatenderamo bwinobwino."

Mpiru uli mbuu ndi nsinjiro. Chipande cha kansalu kofiira chili m'dzanja lawo. Ati nkhukunso aitakasa, inkafuna kupserera. Mpunga aomola ndi chomwecho.

Mayi Jere akhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Gogo akuyang'ana uku ndi uku, akufunsa chomwe alakwa. Sanalakwe kanthu. Ndawathokoza ndi manja awiri, ndapereka mbaleyo kwa a Jere.

M'thumba la jekete munali nthochi. Ndinaiikamo m'mawa. Chikhulupiriro changa n'chochepa, ndikuvomereza.

Ndasenda, ndadya pang'onopang'ono kuti ndimalizire limodzi ndi anzanga. Wina pa mpando wa kumbuyo: "Ndi aja akusala aja. Akumasula ndi chipatso." Mkulu wa mpingo wagwedeza mutu mwaulemu. Ndikuona kuti Lachisanu likubwerali nditsogoleranso.

Tadala waimba. "Adadi, mwadya ndi anthu?"

"Ndakhala ndi anthu akudya."

"Ndi chiyambi," watero. Mwina.

Mayi Jere ati mawa mbandakucha apita okha kuchigayo, ndi tsache ndi mabeseni awiri a gaga. Ine ndikaime kutsidya kwa msewu. Ndivomera. Ndidzafunsabe kuti ndani anagayitsa dzulo lake, beseni linatsukidwa ndi chiyani, thumba linali la chiyani kale. Moyo wanga tsopano ndi mafunso.

Dzuwa lisanalowe ndapendeketsa ndowa ya ufa wa Nankhoma, ndagogoda pansi pake, ndakokolola m'mbali ndi supuni. Wakwana mbale imodzi, yaing'ono. Ndaphika m'poto wake, ndi mthiko womwe sankabwereketsa uja. Wailesi ndazimitsa.

Ndasamba m'manja, ndadya. Sindinafunse kanthu.

Ndowa sindinaitsuke.